Mano a Pearl

Pearl anayamba kuvuta Lolemba. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo chilichonse chimene dzanja lake lagwira chinkathera kukamwa: ngodya ya pilo, makiyi a geti, ngakhale chibwano cha womulera. Dovu linkangoyenderera mpaka kunyowetsa kamalaya pachifuwa.

Womulerayo anali Eness Tembo, mayi wa zaka makumi atatu wokhala ku Kabwata, amene ankabwera m'mawa uliwonse kunyumba ya banja la a Mulubwa ku Woodlands. Tsiku limenelo anasamba m'manja, nalowetsa chala m'kamwa mwa mwanayo. Usinini wam'munsi unali wotupa ndi wotentha, ndipo pakati pake panali polimba ngati kanjere ka mpunga.

"Madamu, mano yayamba," anauza Charlotte Mulubwa, mayi wa Pearl, atabwera kuchokera kuntchito.

Charlotte anagula kamphira kotafuna ka mtundu wa chikasu. Pearl anakaluma kamodzi n'kukaponya pansi pa mpando. Chimene ankafuna chinali chala cha Eness. Eness ankaviika kansalu koyera m'madzi owiritsa, n'kukaika m'furiji, ndipo kakazizira ankakakulunga kuchala chake n'kumasisita usinini pang'onopang'ono, uku akuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi kwawo. Mwanayo ankaluma mwamphamvu, maso ali gwa pankhope ya Eness, kenaka zikope n'kuyamba kulemera.

"Ba Eness, imwe muli na manja ya mankhwala," ankatero Charlotte akuseka. "Ine nikamunyamula alila monga namutsina. Kapena ndimwe munamubala, ine ninangolota?"

Eness ankaseka nawo, koma panali chinthu chimene sanawauze eni nyumbawo. Amene anamupezera ntchitoyi anali Imelda, mnzake wa m'kwaya, ndipo anamulangiza ali pamzere wodikira basi. "Akakufunsa, ukambe kuti ulibe mwana. Za Jabulani usayese. Kulibe madamu angapatse mwana wake kuli munthu amene anaika mwana kumanda. Azakamba ati uli na manja yoipa." Choncho tsiku loyamba, Charlotte atafunsa, Eness anayankha kuti alibe mwana. Kenaka anamvetsera malamulo atatu a m'nyumbamo: mwana asadye chimene sichinalembedwe papepala la pafuriji, alendo asalowe, ndipo mwana asatuluke pageti zivute zitani.

Jabulani anali mwana wake yekhayo. Zaka ziwiri zapitazo, ali ndi miyezi isanu ndi itatu, anayamba kutsekula m'mimba pamene usinini unkatupa. Apongozi anati ndi mano. Amayi oyandikana nawo nyumba anati ndi mano, akangotuluka zonse zitha. Eness mwini anakhulupirira, ndipo kwa masiku atatu ankangosisita usinini ndi kansalu kozizira. Tsiku lachinayi masana anaona kuti liwombo lalowa m'kati ndipo mwana akulira wopanda misozi. Anathamanga kukafuna takisi, koma Jabulani anatsirizika pamiyendo pake asanafike pachipata cha chipatala. Amayi amene anasambitsa kathupiko anamuuza kuti dzino linali litatuluka, loyera bwino. Mwamuna wake sanakhalitse pambuyo pa maliro. Anapita ku Kitwe ndipo sanabwererenso.

Lachinayi m'mawa, Charlotte akusaka makiyi a galimoto, Eness anamuonetsa thewera la Pearl.

"Madamu, onani. Chimbudzi chake chili monga manzi."

Charlotte anasuzumira, foni ili pakhutu, chikwama chili paphewa. Tsikulo anali ndi msonkhano waukulu kuofesi kwawo ku Longacres, ndipo anali atachedwa kale.

"Ni mano chabe, ba Eness. Bamayo ananiuza kuti na ine ninali so. Musade nkhawa."

Anapsompsona mwana pamphumi, natuluka. Eness anatseka geti, koma mawu aja anatsala m'makutu mwake. Anali mawu omwewo, osasintha ngakhale pang'ono.

Pofika naini koloko anasintha thewera lachiwiri. Isanakwane teni anasintha lachitatu. Pearl anakana phala, anakankha botolo la mkaka, ndipo thupi linali lofunda. Eness anatenga kansalu m'furiji, nakakulunga kuchala, koma atangokhudza usinini anachotsa chalacho msanga. Izi ndi zimene anachita kwa masiku atatu aja. Anaponya kansaluko m'sinki. Anapapasa liwombo la mwanayo, ndipo sanathe kudziwa ngati lalowa kapena ndi chala chake chimene chikudinikiza. Anapapasanso. Anamutengera pawindo kuti aone ngati m'maso muli misozi.

Anaimbira Charlotte kasanu. Foni inali yozima. Anaimbira Kevin, bambo wa mwanayo, ndipo inangolira osayankhidwa. Akuti ayesenso, foni yake yomwe inazima, pakuti ku Kabwata magetsi anali atapita kuyambira dzulo lake ndipo sanaitchaje.

Anaima pakati pa khitchini, mwana akulira pachifuwa. Chipatala cholipira chimene a Mulubwa ankapitako sankachidziwa njira yake, ndipo makadi onse a kuchipatala anali m'chipinda chokhoma. Koma kiliniki ya kufupi ndi kwawo ankaidziwa. Anaganiza kuti akapita msanga abwerako dzuwa lisanafike pamutu, madamu asanadziwe n'komwe. Anatenga chitenje chake, nabereka Pearl kumsana, naika matewera awiri ndi botolo m'pepala lapulasitiki. Anakhoma nyumba, nakhoma geti. Zolemba kakalata n'kusiya patebulo sizinamufikire m'mutu.

Kukiliniki anapeza mzere wautali wa amayi ndi ana. Anapempha amene anali kutsogolo kuti amulole adutse.

"Tonse tili na bana odwala, amai," anayankha mayi wina wonenepa. "Kapena wanu ni wa golide?"

Anadikira maola awiri. Pearl analira, nagona, nadzuka, nayamba kutafuna mfundo ya chitenje. Atalowa, namwino wachikulire wa magalasi anamugoneka mwanayo pakabedi. Anamuyeza kutentha, anapapasa liwombo, anatsina khungu la pamimba n'kuona likubwerera msanga, kenaka anamutsegula kukamwa. Pearl anakuwa, misozi ikutsika mbali zonse.

"Mwaona misozi iyo? Uyu mwana ali na manzi okwana m'thupi," anatero namwino. "Kutentha kulibe. Mano ali pafupi kutuluka, ndiye chifukwa avuta. Vamumimba ivi vizatha, kapena anadya kadothi pa vinthu vamene aluma. Koma mwachita bwino kubwela. Ambili amakamba ati ni mano, afika kuno mochedwa."

Eness anakhala pansi pabenchi. Namwino anamupatsa timapaketi ta madzi a moyo, mankhwala osungunula m'madzi omwetsa mwana wotsekula m'mimba, namufotokozera zizindikiro zoti akaziona abwerenso msanga.

"Kadi yake ili kuti?"

"Ili na amake. Ine ndine olela chabe."

Namwino anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Amake aziwa kuti muli kuno?"

Eness anapukusa mutu.

"Amai, thamangani."

Nthawi inali itadutsa thu koloko pamene anatsika basi ku Woodlands. Ali patali anaona geti lili chitsegukire, galimoto ziwiri zitaima mopingasa, ndi anthu oyandikana nawo ataima m'timagulu. Pakati pa msewu panali Charlotte, wopanda nsapato, wigi ili m'manja. Msonkhano wake utatha anali atayatsa foni n'kupeza kuti Eness anaimba kasanu. Anaimbanso, koma foni ya Eness inali yozima. Anathamangira kunyumba n'kupeza zitseko zokhoma, kabedi kopanda mwana, ndi thewera lakuda m'ndowa. Kevin anali atapita kale kupolisi kukanena kuti wantchito waba mwana.

Charlotte ataona Eness sanakuwe. Anathamanga, nagwira mfundo ya chitenje, naikoka mwamphamvu mpaka Eness anadzandira. Anafungatira Pearl, namununkhiza m'khosi, namuwerenga zala ngati wangobadwa kumene. Kenaka anakhala pansi pamsewu pomwepo n'kuyamba kulira mokweza.

Atalowa m'nyumba, Kevin anaimbira apolisi kuti mwana wapezeka, natseka chitseko. Iye anali munthu wofatsa, woti Eness anali asanamumvepo akukweza mawu, koma tsikulo mawu ake anakwera.

"Tinakuuzani chani za geti, ba Eness?"

"Munati mwana asachoke, abwana."

"Manje?"

"Anathulula mumimba katatu. Ninatuma foni, simunayankhe. Ninayopa."

"Munayopa chani? Mwana ali na mano chabe! Aliyense aziwa!"

"Na ine ninali kuziwa, abwana," anatero Eness. "Wanga naye anali na mano chabe."

Charlotte anadzutsa mutu.

"Wanu? Munati mulibe mwana."

"Nilibe, madamu. Ninali naye."

Anawafotokozera zonse ali chiimire pafupi ndi khomo la kukhitchini, pepala lapulasitiki lili m'manja. Anatchula dzina la Jabulani, limene linali lisanamvekepo m'nyumba imeneyo. Ananena za masiku atatu aja, za takisi, ndi za dzino limene amayi osambitsa analiona. Sanalire. Analankhula ngati akuwerenga kalata ya munthu wina.

Charlotte anali atagwira pakamwa. "Mayo! Ba Eness, miyezi yonse iyi? Nanga simunaniuze chifukwa chani?"

"Nikanakuuzani, sembe munanilemba nchito?"

Charlotte anayang'ana mwamuna wake, kenaka anayang'ana pansi.

"Ndiye kuti munatinama kuyambila tsiku loyamba," anatero Kevin, koma mawu ake anali atatsika. Anatuluka panja, nakaima pafupi ndi galimoto.

Pearl anayambanso kulira. Anapotokola thupi m'manja mwa mayi wake, natambasulira timanja kwa Eness. Eness anasuntha phazi limodzi, koma anaona mikono ya Charlotte ikumufinya mwanayo, ndipo anaima.

"Ba Eness, nimvetseni," anatero Charlotte, misozi ikugwera pamutu pa Pearl. "Niziwa munachita chifukwa mumukonda. Niziwa. Koma maawazi yatatu ine ninali mukazi wamene alibe mwana. Ninayang'ana mu dilamu ya manzi. Ninayang'ana mu ngalande kuseli. Mawa nikankhala mu ofesi, foni yanu ikalila kawili osayankha, nizafa. Siningakwanise. Nikhululukileni, siningakwanise."

Eness anali atakonza mawu ambiri m'basi muja: kuti sadzabwerezanso, kuti azitchaja foni akangofika, kuti amudule malipiro koma asamuchotse. Onsewo anamuthawa. Anayang'ana mapazi a Charlotte, odzaza fumbi, chala chimodzi chikutuluka magazi. Iye ankadziwa bwino kuti mayi amayenda motani mwana wake akasowa m'manja. Zimene iye anakhala nazo zaka ziwiri anali atamulawitsa mayi mnzake kwa maola atatu, ndipo panalibe mawu ochotsera zimenezo.

"Namvela, madamu," anatero.

Anatulutsa timapaketi tija n'kutiika patebulo. Anafotokoza mmene namwino ananenera: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa, kumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni akangochita chimbudzi. Mwana akasiya kukodza, akayamba kugona kwambiri, kapena akalira wopanda misozi, asadikire mawa ndipo asamvere aliyense. Charlotte ankagwedeza mutu pa mawu alionse, ngati mwana wasukulu.

Eness anapita kukachipinda ka kuseri, navula yunifolomu, naipinda bwino n'kuisiya pampando. Anatenga nsapato zake, chipeso ndi buku la nyimbo. Anadutsa kukhomo lakuseri kuti mwana asamuone, koma Pearl anamva kulira kwa geti, ndipo kukuwa kwake kunamuperekeza Eness m'mbali mwa mpanda wonse, mpaka pamphambano pamene phokoso la magalimoto linakumiza.

Basi yopita m'tauni inali itatsala pang'ono kudzaza. Anakhala pampando wa pafupi ndi khomo. Pasiteji yotsatira panali mtsikana wobereka khanda, ali ndi thumba la makala ndi beseni la tomato. Kondakitala anamufulumizitsa, ndipo mtsikanayo anamasula khandalo n'kulilozetsa kwa Eness, monga amachitira amayi onse pokwera basi.

"Anti, nigwililenikoni mwana nikwele."

Eness anayang'ana timiyendo tikupalasa m'mwamba patsogolo pake. Pamiyendo pake panali kapepala kapulasitiki kokha, kopepuka.

"Pepani," anatero. "Manja yanga yali na katundu."

Mayi wa kumbuyo anatsonya, natambasula manja pamwamba pa phewa la Eness n'kulandira khandalo. Eness anatembenukira kuwindo, ndipo basi inanyamuka.