Mlonda wa Pa Swichi

Lamba wa makina ochekera matabwa anaima cha m'ma naini koloko m'mawa, dzuwa litakwera kale, ndipo fakitale yonse inangoti zii, utuchi ukutsika pang'onopang'ono ngati fumbi la mumsewu galimoto itadutsa. Kapitawo anatuluka mu ofesi akukuwa kuti amuitanire makaniko.

Makanikoyo anali munthu wa imvi za m'mbali, wodziwa bawuti iliyonse ya pamalopo. Atasuzumira anaona kuti chidutswa cha thabwa chapanikizika pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira zomwe zimakoka lamba. Panalibe kuchitira mwina koma kukwawira kunsi n'kulowetsa mkono.

Lamulo la pafakitalepo aliyense ankalidziwa: wolowa m'makina azimitse swichi yaikulu, akhome loko wakewake, kiyi aike m'thumba. Koma tsikulo kachitsulo kokolowekapo loko kanapezeka katathyoka.

"Ndiye pakhale munthu wolondera," anatero kapitawo. "Itanani mlamu wakeyo. Pano palibe amene amaiopa swichi kuposa iyeyo."

Mlamuyo, mchimwene wa mkazi wa makaniko, anabwera kuchokera kugeti komwe ankalondera, mkono wa malaya wakumanja utapindidwa n'kubayidwa ndi pini. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo makina omwewa anamudya dzanja mpaka m'chigongono. Anaima pa swichi n'kucheukira antchito atsopano omwe anasonkhana.

"Mwaona izi?" anatero akukweza mkono wodukawo. "Ndinalowa osakhoma loko. Mutu wanga unali kwina. Mpaka lero ndikagwada ndimati Ambuye, ndikhululukireni, ndinasewera ndi thupi lomwe munandipatsa, ndinavutitsa ana anga. Musakhale zitsiru ngati ine." Kenako anamwetulira. "Lowani alamu, musanjenjemere. Mlongo wanga sindingamusandutse namfedwa, angabwere kudzakhala kwanga ndi pakamwa pake paja."

Anthu anaseka n'kubalalika. Makaniko sanaseke. Anagona chagada n'kudzikoka kulowa kunsi.

Mawu amenewa anali atawamva kambirimbiri, koma sanawamvepo ali pamalo pomwe mlamu wake anagona tsiku lija. Zitsulo zinali pamwamba pa nkhope yake, zakuda ndi girisi. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti loko anakhomedwa. Tsiku limenelo ntchito inali itachedwa, akuluakulu akukalipa, ndipo iye anaganiza kuti mlamu wake watuluka kukadya n'kuiwala kuchotsa loko. Sanapite kukasuzumira. Anatenga chodulira zitsulo, n'kudula, n'kuyatsa. Loko wodukayo anakamutaya m'ngalande, ndipo atamufunsa mu ofesi anati pa swichi sanapezepo loko. Mlamu atatsitsimuka kuchipatala sankakumbukira za m'mawa umenewo, choncho anangokhulupirira kuti sanakhome.

Kuyambira pamenepo makaniko sanapondenso kutchalitchi. Mkazi wake ankati ndi ulesi. Iye ankadziwa kuti sangatsegule pakamwa kuimba pamene mlamu wake ali pa benchi yakutsogolo akuvutika kutsegula buku ndi dzanja limodzi.

Analowetsa mkono pakati pa zitsulo mpaka paphewa n'kugwira thabwalo. Pampata wa pansi ankaona nsapato za mlamu wake, masitepe anayi okha kuchokera pomwe anagona. Akanatha kudikira kuti atuluke kaye. Koma ankadzidziwa: akangotuluka, adzapukuta manja n'kukhala chete zaka zina zisanu ndi ziwiri.

"Alamu," anaitana makaniko.

"Mwachipeza?"

"Loko uja munakhoma."

"Loko uti? Kachitsulo kathyoka, simunaone?"

"Tsiku lija. Munakhoma. Ndinadula ndine. Ndinayatsa ndine."

Nsapato zija sizinasunthe. Patali wina ankakoka matabwa pa simenti. Makaniko anamva thukuta likulowa m'khutu.

"Bwerezani," anatero mlamu, mawu ake atasanduka a munthu wina.

Anabwereza zonse, za chodulira, za ngalande, za bodza la mu ofesi. Atamaliza, nsapato zinatembenuka kuloza kukhoma komwe kunali swichi.

Mkono wake unali udakali pakati pa zitsulo. Akanaukoka, koma sanaukoke. Anatsinzina, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo milomo yake inayamba kupemphera, osati mapemphero aatali omwe ankawadziwa kale, koma mawu ochepa: Mulungu, ndine wochimwa, ndichitireni chifundo. Anawabwereza mpaka analeka kumva mtima wake ukugunda m'makutu.

Mapazi olemera anafika. Anali kapitawo.

"Kodi simunathe? Magalimoto atatu akudikira panja! Watuluka ameneyu? Ngati watuluka yatsani, tione ngati lamba ayenda."

Nsapato za mlamu zinali zitalozabe ku swichi.

"Ndikuyankhula ndi inu, a geti! Muli munthu kapena mulibe?"

Makaniko akanakuwa kuti ali m'katimo. Anatsegula pakamwa, kenako anatseka.

"Muli munthu," anatero mlamu pomaliza. "Ndipo dzanja lanulo lichoke pafupi ndi swichiyi, bwana, mungatuluke muno mukufanana nane."

Kapitawo anachoka akung'ung'udza. Mlamu anagwada movutikira, natsamira pa dzanja lake limodzi, nkhope yake n'kuonekera pampata paja. Maso anali ofiira.

"Chotsani thabwalo mutuluke. Sindiyankhula ndi munthu wagona."

Makaniko anagwedeza chidutswacho mpaka chinasololoka, n'kukwawa kutuluka. Miyendo inakana kuima, anangokhala pansi pa utuchi.

"Ndikhululukireni, alamu."

"Zaka zisanu ndi ziwiri," anatero mlamu, "ndakhala ndikulapa tchimo lanu. Mkazi wanga anandinena kuti ndine wosasamala, ine n'kuvomera. Inu muli pomwepo, mukudya nane m'mbale imodzi, mukundidulira nyama ngati mwana. Ndimati ndili ndi mlamu wabwino."

"Ndilibe choyankha."

"Musayankhe. Muli kunsiko, dzanja langa linafika pa chogwirira cha swichi, mukumva? Ndinachigwira. Chimenecho ndiye tchimo langa lenileni, ndikalapa ndekha." Anapuma mozama. "Za Mulungu kapempheni nokha, sindine mlembi wake. Amati sakana wobwera wosweka mtima, ndipo ine sindinamuonepo akunama. Koma zanga, lero musandikakamize. Ndikufuna kukhululuka, mtimawu sunafike."

"Ndichite chiyani?"

"Mukanene mu ofesi momwe munanama. Kenako kwa mlongo wanga. Kenako kwa ana anga, muwayang'ane m'maso muwauze kuti bambo wawo sanali chitsiru."

"Ntchito andichotsa. Mwina ndi apolisi omwe."

"Mwina."

Makaniko anagwira mwendo wa makina n'kuimirira. Ofesi inali pamwamba pa masitepe achitsulo, chitseko chili chotsegula, kapitawo akukalipa pa foni. Anavula magolovesi, anawaika pa bokosi la zipangizo, n'kuyamba kukwera. Atafika pakati anamva masitepe akulira kumbuyo kwake.

"Pitirirani," anatero mlamu, akupuma movutikira. "Ndikubwera nanu. Mukayamba kuchita chibwibwi m'menemo, pakhale wina wokuuzani kuti yambiraninso."