Mkamwini Wanga ndi Nduna ya ku Spain

Ndinawapeza akusolola pasipoti yawo mu envulopu imene mwana wanga Zelipa anali atamata kale kuti ipite ku ofesi ya maviza. Munali mu Januwale 2004, m'khitchini mwathu muno ku Sparkhill. Iwe Dixon unali udakali ku sekondale ku Dedza, choncho za alamu ako a Greyson unangomva zapatalipatali. Khala pansi.

"Bambo a Temwani, viza yanu si ikutha mwezi wamawa?" ndinafunsa.

"Masabata awiri okha, amayi. Ndikawina mapulaimale a uphungu kumudzi ndibwera kudzakonza zonsezi."

Anabwera kuno kudzaphunzira zandale ku Selly Oak, mchemwali wako akugwira unesi, ine ndikulera mwana. Kusukuluko anawapatsa ntchito yolemba za nduna yaikulu ya ku Spain ya nthawi imeneyo, ndipo matenda anayambira pomwepo. Munthuyo akuti poyamba anali woyendera misonkho. A Greyson nawonso anali kalaliki wa misonkho ku Limbe. Basi, anaona kuti ndi mapasa. Anasunga ndevu za pamlomo ngati zake. Pa chakudya tinkamva za iye yekhayekha: mmene analowera chipani ali mnyamata wosadziwika, mmene anapulumukira bomba litaphulitsa galimoto yake, mmene anagonjera kawiri asanapambane.

"Munthu wosalongolola, amayi, wa dongosolo. Kwathu tikusowa wotero."

Ine ndinkadziwa chimene iwo sankadziwa. Kwawo ku Ntcheu anali asanapondeko zaka zisanu. Amalume awo atamwalira anangoimba foni. Kwathu anthu safunsa zimene munawerenga, amafunsa ngati munagona pa siwa. Koma mpongozi sadzudzula mkamwini pamaso, ndi mmene tinakulira. Ndinauza Zelipa kuti awauze. Zelipa anali pa mashifiti atatu otsatizana, anangoti, "Amayi, ndikapuma." Tsiku lopumalo linafika iwo atakwera kale ndege.

Mapulaimale anawasuntha kawiri. Viza inatha ali komweko. Tsiku la mapulaimalelo litakwana m'Malichi, pa bwalo la sukulu, opikisana anaimikidwa kutsogolo atatembenuka, anthu n'kundanda kumbuyo kwa amene akumufuna. A Greyson anali atayenda midzi yonse akufotokoza za misonkho ndi kuchepetsa ndalama zimene boma limawononga. Mnzawo anali ndi lole imene inanyamula maliro onse a dera limenelo kuyambira nthawi ya njala. Atauzidwa kuti acheuke, a Greyson anapeza anthu khumi ndi mmodzi. Azakhali awo anali pa mzere winawo.

A Greyson anaimba foni Lamlungu titangochoka kutchalitchi ku Aston. Zelipa anakweza mawu a foni kuti ndimve.

"Bwerani, nditumiza makalata a kuntchito, mufunsire viza ina ngati mwamuna wanga. Ndi zotheka."

"Ndibwere kudzatani? Kudzatsuka nkhalamba za azungu? Iye uja anagonja kawiri, Zelipa. Ine kangokhala kamodzi."

"Iye uja mkazi wake anali naye nyumba imodzi!"

"Ndidikira 2009. Tsopano ndikudziwa polakwika."

Mwezi womwewo wa Malichi chipani cha ndunayo chinagwa pa zisankho. Ndinaona pa TV, ndinati mwina izi ziwadzidzimutsa. Ayi. Anati umenewo ndi umboni wakuti anthu abwino sayamikidwa.

Papita zaka zinayi tsopano. Ndikumva kuti saphonya maliro, amafika ngakhale a munthu amene sakumudziwa, atavala jekete la kuno. Sukulu sanamalize. Zelipa anasiya kutchula za viza, mphete anaiika m'kabati ya mbale. Temwani ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Pa Khirisimasi bambo ake anatumiza chithunzi, ndevu zija zitachita imvi, mwana n'kundifunsa, "Who's that, Gogo?" Ndinamuuza. Anangoti "Oh," n'kubwerera ku zidole zake.

A Greyson sabwera. Akagonja chaka chamawa adzati kwatsala kachitatu, kopambanira. Ndipo mbali ina mlandu ndi wanga, chifukwa ndinali ndi pakamwa tsiku lija m'khitchini ndipo ndinasankha ulemu.

Dzulo posesa m'chipinda chako ndapeza katoni ya mabuku awo pansi pa bedi, ena utawapinda masamba. Iwe si mkamwini wanga, ndinakubala ndekha, ndiye ndikuuza pamaso. Werenga ngati ukufuna, koma maliza chimene unabwerera kuno, ndipo usakhale moyo wa munthu wina amene sadziwa n'komwe kuti uliko. Uchite bwino kuposa alamu ako, ndiponso kuposa ine: ukaona munthu akusolola pasipoti, lankhula.