Kyutekisi wa Mivi Itatu

1.
Mivi itatu: wa liwiro, wa mafuta, wa kutentha kwa injini. Dzuwa la ku Balaka linaidya yonse mpaka inayera ngati mafupa. Nankhoma anaiyang'anitsitsa m'pikiapu ya malemu mwamuna wake, Elefala.
Muvi uli pati?
Zii.

2.
Loweruka tidzatenga galimotoyi, mlamu. Anatero a Gomesi, akulu ake a malemu, uku akutokosa m'mano. Pakhomo pano palibe woyendetsa. Idzangokuwolerani.

3.
Penti wa nyumba ayi, mayi, anatero a Dzonzi okonza magalimoto, ameneyo ngolemera, muvi umayamba kunama, inu mukuthamanga 80 iwo ukuti 60, wopopera amamwazikira pa manambala, woyera simuuona masana, wachikasu sachedwa kufwifwa, mupeze wopepuka, wouma msanga, wofiira, mupake kamodzi kokha basi
Ndiye uti?
Akazi inu mumayenda naye m'zikwama. Kyutekisi.

4.
Pamsika. Diresi lakuda, duku lakuda, Nankhoma akukweza timabotolo padzuwa. Wofiira ngati magazi. Ngati tomato. Ngati moto. Kodi amene angaoneke ukangoponya diso kamodzi ndi uti?
Wa moto.

5.
Maliro a dzana lomweli!
Kyutekisi? Wofiira?
Alipo amene akumupakira zalazo.
Amayi a pamsika, pakamwa ngati dzala. Nkhani inafika kwa a Gomesi Nankhoma asanafike pakhomo. A Gomesi Loweruka sanalidikirenso.

6.
Onetsani zala, mlamu.
Anaonetsa. Girisi yekhayekha. Kumbuyo kwa kagalasi, mivi itatu psuu.
Zodzola za mahule pa galimoto ya m'bale wanga?
Kwerani uko, alamu. Chitsekocho mumenyetse, chimavuta.

7.
Zaka zitatu, chiyambire shuga kumufoola miyendo, Elefala ankatuluka m'tauni ali pa chiwongolero kuti abale ake aone, akafika pa mlambe ankaima n'kusinthana, Nankhoma maso pamsewu, matumba a nandolo kumbuyo, osayerekeza kuyang'ana pansi, mivi yoyerayo wowerenga anali Elefala. Muvi uli pati, bambo? Pa 60, Nankhoma, usaonjeze.
Lero Nankhoma analiza injini pakhomo pomwepo, anthu akuona. Anadutsa pamsika. Anadutsa mlambe. A Gomesi agwira mpando ndi manja awiri.
Muvi uli pati?
Anadzifunsa yekha Nankhoma. Anaponya diso kamodzi. Moto uli pa 60.
Anaonjeza.