Phazi la a Orville Silinaponde

Ku Antler Creek panalibe amene sankadziwa lumbiro la a Orville Brandvold, chifukwa analumbirira pamsonkhano wa m'tauni, holo itadzaza. Nkhani inali yomweyo ya chaka ndi chaka: kodi munthu azilowa ndi mfuti m'nyumba za boma kapena ayi? A Orville, mlimi wa ng'ombe amene mfuti yam'chiuno ankaivula posamba pokha, anaimirira n'kuloza mayi Wanda Petrak, mkulu wa positi ofesi.

"Mumve nonse! Phazi langali silidzapondanso mu positi ofesi ndilibe mfuti m'chiuno!"

"Mwandithandiza," anayankha mayi Wanda. "Matope okolopa achepa."

Lamulo silinasinthe. Mfuti sinkaloledwa m'katimo, ngakhale poimika magalimoto pomwe. Choncho makalata ankakatenga ndi akazi awo, mayi Darlene, iwo akudikira kutsidya kwa msewu ngati galu womangiriridwa.

Ndiye m'mawa wina wozizira, mayi Darlene ali m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya chiuno, foni inalira.

"A Brandvold, ndine Wanda. Katundu wanu akulira kuno."

"Katundu amalira?"

"Anapiye. Abwera m'bokosi ndi galimoto ya makalata. Ayenda mtunda wautali, akufuna madzi ndi pofunda. Tikatseka masana ano titsegulanso Lolemba."

A Orville anagwira mutu. Anapiye amenewa mayi Darlene anawayembekeza nyengo yonse yachisanu, mtundu woikira mazira obiriwira, ndipo mawu awo omaliza asanagonekedwe anali akuti, "Mmodzi yekha akafa, musabwere kudzanditenga."

A Orville anaimika galimoto pasitolo ya zakudya za ziweto ya mnzawo, a Clete, moyang'anizana ndi positi ofesi. Anaima m'mphepete mwa msewu n'kukuwa.

"Mayi Wanda! Tangotulutsani bokosilo!"

Mayi Wanda anasuzumira pakhomo. "Ine ndimagwira ntchito pakauntala, bambo. Zoyenda ndi makalata ndinasiya mawondo atayamba kudandaula."

"Ndiye apatseni a Clete."

"Pabokosi alemba Orville Brandvold. A Clete asintha liti dzina?"

Anthu anayamba kutuluka m'lesitilanti makapu a khofi ali m'manja. Ena anali a mbali ya mfuti, ena a mbali ya lamulo, koma onse anali a mbali yoonerera zaulere.

A Orville anakhala pathumba la chakudya cha akavalo n'kuyamba kuisanthula nkhani. Akalowa ndi mfuti, aphwanya lamulo. Akalowa opanda mfuti, aphwanya lumbiro, tauni yonse ikuona. Akapanda kulowa, aphwanya banja. Chitseko cha kutsidyako chikatseguka, timawu tinkamveka, pyo pyo pyo, ndipo kwa iwo tinkamveka ngati tikuchepa mphamvu.

"Achimwene, ingomezani malovu mulowe," anatero a Clete. "Lumbiro siliikira mazira."

"Mawu a mwamuna ndi mawu."

"Mawu ake ati? Ine ndinali kumbuyo, ndinkangomva mbale za m'khitchini."

"Ndinati phazi langali silidzapondanso..." A Orville anaima pomwepo. Anayang'ana jombo zawo. Kenako anayang'ana wilibala yofiira imene inatsamira khoma la sitolo, kapepala ka mtengo wake kakadali pachogwirira.

"Clete, ndinati phazi."

"Eya."

"Sindinatchule matako."

A Clete anaseka mpaka kutsokomola. Anatenga mfuti ija n'kukaikiyira m'kabati ya m'sitolo, natulutsa wilibala. A Orville anakhalamo chagada, miyendo m'mwamba, chipewa atachigwira pamtima ngati akupita kukaikidwa m'manda.

"Mukandigwetsa m'katimo, ubale watha."

"Mukanachepetsa nyama yankhumba, madala. Tayala likupempha chikhululuko!"

Wilibala inaoloka msewu ikulira kwii kwii, khamu likutsatira. Mayi wina wa mbali ya lamulo anathamanga kukatsegula chitseko, bambo wina wa mbali ya mfuti anathandiza kunyamula tayala pasitepe. Wina kumbuyo anakuwa, "Yang'anirani chidendene cha kumanzere, chikutsika!" A Orville anachikweza msanga.

Mayi Wanda anawerama pakauntala, nawayang'ana kuchokera pamwamba, nkhope ili gwa.

"Mwabwera kudzatumizidwa? Katundu wolemera chonchi timamata masitampa ambiri."

"Anapiye anga, mayi."

"Mfuti ili kuti?"

"Kutsidya."

"Nanga mapazi?"

"M'mwamba, monga mukuonera."

"Ndiye lero lamulo lakhuta, lumbiro lakhutanso. Sizichitikachitika."

Anabweretsa bokosi la timabowo n'kuliika pamimba pawo. Linali lofunda. A Orville atatsegula pang'ono anaona tianapiye tonse tili gwirigwiri, milomo yonyowa, pakona pali kachivundikiro ka botolo kodzaza madzi.

"Mwawamwetsa kale?"

"Kuyambira m'mawa ali pafupi ndi chotenthetsera. Mumayesa ndingaphe anapiye a Darlene chifukwa cha liuma lanu?"

A Orville anafuna kukwiya, koma kamwanapiye kena kanatulutsa mutu n'kuwajompha chala, anthu onse n'kufa nazo nseko, iwonso n'kugonja.

"Pamsonkhano wotsatira ndidzakutsutsanibe," anatero a Orville kwa mayi Wanda, akulankhula chakumbuyo pamene a Clete ankatembenuza wilibala.

"Ndidzakhala pamzere woyamba. Koma wilibalayo muigule, a Brandvold."

"Chifukwa?"

"Darlene waitanitsanso tiabakha, tibwera mwezi wamawa. Dzina pabokosi ndi lanu lomwe. Akuti watopa kukhala mtumiki wa lumbiro la eni."

A Clete anasuzumira kapepala ka mtengo pachogwirira. "Kwa inu, achimwene, sinditsitsa. Koma mafuta a tayala ndikupatsani ulere."