Mkunja wa Pansi pa Bwemba

"Ndiye mukuti munthu anagona m'mimba mwa nsomba n'kutulukamo wamoyo?" anafunsa Elliam, akugogoda ndodo pansi. "Ine dzulo ndinadya matemba. Lero ali kuti? Buku lanuli ndi nthano zogonekera ana!"

Anthu amene anadzaza pansi pa mtengo wa bwemba anafa nalo phwete. Elliam anali atavala chipewa cha mlaza chodyedwa ndi makoswe, chikopa cha mbuzi chili paphewa, nkhope ataikwinya. Amenewo ndiwo anali mavalidwe a "mkunja" wa Lamulungu lililonse.

Blasius, katekisita wa pamudzipo, anadikira kuti chiseko chizirale. Anali bambo wamfupi, wadazi, ndipo asanayankhe ankayamba wakanda chibwano.

"Pepanitu a mkunja," anatero. "Inuyo musanabadwe munkakhala kuti? Si m'mimba? Munkapumira pati? Nanga bwanji simunasungunuke ngati matemba anuwo? Amene anakusungani inu m'mimba mwa mayi anu angalephere kusunga Yona m'mimba mwa nsomba?"

"Wallahi, mwamugwira pakhosi!" anakuwa Sadiki, telala wachisilamu wochokera ku Ngokwe, amene sankajomba pabwalopo ngakhale kuti m'tchalitchi sankalowa. "Yunusu ameneyo ifenso timamudziwa. Funsani lina, a mkunja, ili lakukanikani!"

Mwambo umenewu Blasius anabwera nawo kuchokera ku Utale, kumene anaphunzira ukatekisita. Wansembe wina wokalamba ndiye anamuuza kuti kalekale, mpingo ukadali khanda, akunja ophunzira ankawerenga Baibulo ndi cholinga chofunamo zibowo. Akhristu oyambawo sankawathamangitsa ndi zibonga iyayi, ankakhala nawo pansi n'kumawayankha funso ndi funso. Nkhani imeneyi inamulowa Blasius m'magazi. Atabwerera kumudzi kwa mkazi wake Lena, m'dera la Nsamala, anatenga mlamu wake Elliam, mchimwene wa Lena, n'kumusandutsa mkunja.

Loweruka lililonse masana awiriwa ankakhala pakhonde, akusenda mtedza, n'kumasankha mafunso a mawa. Lamulo linali limodzi: pabwalo pasatuluke funso limene sanapangane. Lamuloli analiika ndi Lena, chifukwa mwamuna wake ankamudziwa bwino. Blasius anali ndi matenda osatha kusiya funso lili chiimire. Mwana afunse, chidakwa chifunse, iye ankayankha basi, ndipo ankanyadira kunena kuti, "Kwa ine funso siligona ndi njala."

"Inu bambo a Janet," Lena ankatero, "tsiku lina mudzayankha ndi funso la ng'ona lomwe, mutu uli kale m'kamwa mwake."

Lamulungu limenelo, m'chilimwe cha 1973, zinthu zinkayenda mokoma. Elliam anafunsa za munthu wogwidwa ndi ng'ona pa Shire, kuti pa tsiku lomaliza adzauka bwanji thupi lake litabalalika m'mimba mwa zilombo. Blasius anayankha kuti woumba mbiya popanda dothi sangavutike kutola mapale. Elliam anafunsanso kuti ngati chipulumutso chili m'buku, nanga makolo awo amene anafera ku Mozambique bukulo lisanafike analakwanji? Blasius anati dzuwa lisanatuluke kumayamba kwayera, ndipo amene anayenda molungama m'kuyera komweko mwini dzuwa amawadziwa. Amayi anaimba nthungululu. Blasius anamva mtima wake ukufufuma, osakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mafunso amene anapangana anathera pomwepo. Koma Elliam sanavule chipewa. Anaponya diso kumbuyo kwa gulu. Kumeneko kunakhala Willard, tcheyamani wa nthambi ya chipani, pamodzi ndi anyamata ake. Munthu ameneyu anali asanapondepo pabwalo limeneli, ndipo aliyense ankadziwa kuti zinkamuwawa kuona pansi pa bwemba podzaza pamene kumisonkhano yake anthu ankachita kuwakusa ngati ng'ombe.

"Latsala limodzi," anatero Elliam. "Akhristu inu ndinu osayamika. Mfumu yaikulu ya dziko yakupatsani mtendere, yakulambulirani misewu. Yangopempha kanthu kochepa: mugwadire chithunzi chake, mulandire kachizindikiro kosonyeza kuti ndinu anthu ake. Buku lanu lomwelo likuti mverani olamulira. Nanga mukukaniranji?"

Masiku amenewo a Mboni za Yehova ankawotcheredwa nyumba chifukwa chokana khadi la chipani, ndipo mawu akuti "muyaya" sankanenedwa za Mulungu yekha. Ngakhale mwana akanamva fungo la funso limenelo.

"A Blasius!" Sadiki anadzambatuka. "Dzuwa lakalipa, anthu ali ndi njala. Mkunja ameneyu mudzamuyankha Lamulungu linalo. Tiyeni, tiyeni!"

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Blasius sanamve kutsinako. Iye anangoganiza kuti mlamu wake wakumbuka yekha nkhani imene anamusimbirapo tsiku lina, ya akhristu a ku Roma ndi mfumu yawo. Yankho lake analidziwa bwino, linali lokoma, ndipo linkamuyabwa palilime. Anakanda chibwano.

"A mkunja, mfumu timaipempherera m'mawa ndi madzulo. Msonkho timapereka. Ikati tilime msewu, timanyamula makasu. Koma mfumu ndi munthu. Imadwala m'mimba ngati inu ndi ine, ndipo tsiku lina anthu adzaisenza kupita nayo kumanda. Ulemu tiipatsa, koma bondo ndi la Mulungu yekha."

Palibe amene anaomba m'manja. Amayi anayamba kubereka ana mwakachetechete. Blasius atatembenuka anaona Lena atagwira kukamwa, misozi ili lengelenge, ndipo m'pamene anazindikira kuti mutu uli kale m'kamwa mwa ng'ona.

M'mawa mwake anamuitanitsa pakhonde la sitolo, pomwe Sadiki ankasokera. Makina anali atawakankhira pambali kuti Willard apeze poika mpando. Mudzi wonse unabwera, koma unaima patali.

"A tcheyamani, khadi langa ndi ili," anatero Blasius, akulitulutsa m'thumba la malaya. "Sindinakanepo kugula. Dzulo lija linali sewero chabe. Ndimanena za ku Roma, zakalekale, agogo a agogo athu asanabadwe."

"Ku Roma kuli tcheyamani wakewake," anayankha Willard. "Kuno ndilipo ine. Ndiye mwati ndani adzasenzedwa kupita kumanda?"

"Funsani alamu angawa. Iwo akudziwa kuti funso limenelo sitinapangane. Linangotulukira pabwalo pomwepo, ine n'kuyankha mosaganiza. Alamu, auzeni."

Blasius ananena zimenezi ndi mtima wokhazikika. Iye ndiye anaphunzitsa Elliam kuwerenga. Pa ukwati wa Elliam, amene anayenda pansi mpaka ku Balaka kukagula nsalu ya mkwatibwi anali iye. Sankakayika n'komwe.

Elliam anaimirira, maso ali pa zala za kumapazi.

"Funsolo anandipatsa ndi iwowa, Loweruka," anatero. "Anati ndilifunse kuti anthu atseguke m'maso. Ine ndinakana, koma anandiumiriza."

Blasius anayang'ana mlamu wake ngati akumuona koyamba.

"Bodza!" anakuwa Lena, akudzikankhira kutsogolo. "Ndinali pomwepo ine, ndikupeta mtedza womwewo! Achimwene, tinayamwa bere limodzi. Ana angawa malume awo ndinu. Mwawagulitsa pa chiyani bambo awo?"

"Mayi, khalani pansi," anatero Willard. "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amuna anuwa anakula mutu."

Lole inabwera dzuwa litapendeka, n'kupita naye Blasius kundende, kutsidya kwa Shire.

Zimene anakaziona kumeneko Blasius sanazisimbepo, ndipo ifenso tisazikumbe. Anachoka mvula isanagwe, anabwerako thonje litayera m'minda, ali woonda, khutu lakumanzere litagontha. Anapeza ukatekisita ataupereka kwa munthu wina. Akuluakulu a mpingo anabwera kudzamuzonda, n'kumupempha mwaulemu kuti pamapemphero azikhala kumbuyo, ndipo za pansi pa bwemba aziiwale, pakuti nawonso ali ndi ana. Pansi pa mtengo paja tsopano pankagona mbuzi.

Munda sunagone. Sadiki ankatseka makina ake m'mawa n'kukathandiza Lena kupalira ndi kupopera mankhwala.

"Musandithokoze," anatero telalayo. "Ndimafuna mubwere mudzapeze chakudya, mukhale ndi mphamvu zoti ndizikangana nanu. Pamudzi pano palibenso wina wodziwa kutsutsa."

Lena ndiye anamuuza mtengo umene Elliam anamugulitsira. Pasanathe mwezi chimutengereni, Elliam analembedwa ntchito ya ukalaliki wa pasikelo kumsika wa thonje. Ntchito imeneyo munthu sankaipeza popanda mawu a tcheyamani.

"Chichokereni inu sindinaponde pakhomo pake," anatero Lena. "Mayi anayesa kutiyanjanitsa, ndinakana. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

Makofi a kundende Blasius anali atawaiwala, khutu analizolowera. Chimene chinkamudya chinali ma Loweruka aja. Ankakhala pakhonde lomwelo n'kumadzifunsa kuti kodi Loweruka lomaliza lija, pamene ankaseka limodzi za matemba, Elliam anali atagwirizana kale ndi Willard? Pamene ankamuthirira thobwa m'chikho, funso lija linali kale m'thumba mwake? Zinkamupweteka koopsa, ndipo kupwetekako kunalibe kokakutula, chifukwa wom'pweteka anali malume a ana ake.

Koma thonje silidyedwa. Msika unali umodzi m'dera lonselo, ndipo sikelo inalinso imodzi. Tsiku lina m'mawa Blasius anakweza matumba pa ngolo ya mnansi, n'kukaima pamzere ndi alimi anzake. Fumbi la thonje linkauluka, anthu akutsokomola, ena akukangana ndi wosankha magiredi. Amene anamuzindikira anamupatsa moni wa m'maso chabe.

Elliam anali pasikelo, atavala kakhi, pensulo ili kukhutu. Ntchito sinamunenepetse. Masaya anali atalowa, ndipo maso anali ofiira ngati a munthu wosagona. Ataona amene wafika kutsogolo kwa mzere, pensulo inagwa pansi.

"Alamu," anatero chapansipansi. "Mwabwera."

"Ndabwera ndi thonje."

Elliam anatuma onyamula matumba kuti akamwe madzi, n'kuyamba kukoleka yekha thumba pa mbedza ya sikelo. Anasendera pafupi, mbali ya khutu lakumanja, ngati amene anafufuza kale kuti lakumva ndi liti.

"Kutchalitchi ndinasiya kupita. Ndikafika pakhomo miyendo imakana. Achemwali anga akandiona panjira amakhota. Ana anu sandipatsa moni. Alamu, ndili ndi funso. Si la sewero ili, ndi langalanga. Munandiuzapo kuti nthawi ya akhristu oyamba aja, mazunzo atafika, ena anachita mantha n'kupereka abale awo kwa asilikali. Anthu amene aja, mazunzo atatha, anatani nawo? Anawalandiranso?"

Blasius anamva dzanja lake likukwera lokha kupita kuchibwano. Yankho analidziwa. Wansembe wokalamba uja anawaphunzitsa nkhani imeneyi tsiku lathunthu: momwe mpingo unakanganirana, ena akuti anthu otere asabwererenso, ena akuti chitseko chisatsekedwe, momwe olakwawo ankaimira panja pa tchalitchi zaka ndi zaka, akulira pamaso pa onse, mpaka tsiku lowagwira dzanja n'kuwalowetsa. Linali yankho labwino kuposa la Yona, kuposa la ng'ona. Linali litafika kale palilime, lathunthu, ndi miyambi yake yomwe.

Anayang'ana mlamu wake. Anaona kuti funsolo walifunsa monong'ona, atathamangitsa mboni, pamene bodza lija analinena mokweza mudzi wonse ukumva. Dzanja linatsika.

Elliam anadikira. Kumbuyo alimi anayamba kung'ung'udza kuti mzere waima.

"Kapena simunamve, alamu? Ndibwereze?"

"Ndamva," anatero Blasius. "Yezani thonje, a kalaliki."

Elliam anayeza matumba onse osatukulanso mutu. Blasius anapinda matumba opanda kanthuwo, n'kuwakoleka paphewa. Panjira anadutsa pakhonde la sitolo, pomwe Sadiki anaimitsa makina n'kumufunsa ngati kumsika kunali bwino.

"Kunali bwino," anayankha. "Kungoti ndasiyako funso lili ndi njala."

Sanaime kuti afotokoze. Anapitirira ulendo wa kunyumba, ndipo atafika pa bwemba paja anadzera mbali ina ya njira.