Injini ya Ngalla ndi Ziboda za Nkhosa

Libasse anali atamanga kale botolo la mpweya kumsana pamene fungo linamupeza. Silinali la nsomba. Anaima pathanthwe la ku Ouakam n'kusuzumira pansi. Funde lililonse likaphulika linkasiya thovu lachikasu ndi tizinthu tolendewera m'miyala.

"Alamu, mwathiramo chiyani m'madzimu?"

Ngalla, mlamu wakeyo, anakonza mkanjo wake woyera wa Tabaski, chikondwerero cha Asilamu chophera nkhosa, womwe ankauvalabe ngakhale chikondwererocho chinali chitatha. "Gawo la nyanja. Inatenga injini yanga, ndiye ndaipatsa kenakake kuti ibweze."

"Ndinawatuma chambiko, monga ankathirira makolo," anatero Thiaba, mlongo wa Libasse, chingwe chachitali chili m'manja. "Chambikocho amwera phala. Nyanja aipatsa zikopa za nkhosa, ziboda ndi za m'chifu, za mumsewu wathu wonse. Zakhala padzuwa chiphereni nkhosazo."

"Mkaka ndi nyama, chamtengo n'chiti?" anafunsa Ngalla.

Bwato la Ngalla linagubuduzika dzulo lake pafupi ndi matanthwewo, injini n'kumira. Ikanagonanso m'madzi amchere ikanafa, ndipo ana a Thiaba ankadyera injiniyo. Mnzake wa Libasse wolowa naye m'madzi anali kwawo kukadya nkhosa. Lamulo la ntchito yawo linkati munthu salowa yekha, koma amene analikhazikitsa analibe alamu.

Libasse anadikira mafunde aakulu adutse, naluma paipi ya mpweya, n'kudumpha atakoka chigubu chopanda kanthu pachingwe chachifupi.

Pansi sankaona ngakhale dzanja lake. Anayamba kufufuza, ndipo chilichonse chimene ankagwira chinali chofewa. Chikopa chinamata pagalasi la kumaso. Chinthu china chachitali, choterera, chinamuzinga m'khosi. Anasanza osachotsa paipi pakamwa, monga anaphunzitsidwira. Aphunzitsiwo sananene kuti ukatero umapumiranso momwemo.

Madzi ankamukankha uku ndi uku, mpweya ukutha. Apa anaganiza: mafunde amatutira zolemera zonse mumng'alu umodzi. Kumene kwaunjikana ziboda, injini ili komweko. Anatsatira ziboda ndi zala, chimodzi chimodzi, mpaka anagwira chitsulo. Anamangirirapo chingwe, chigubu n'kuyandama pamwamba ngati chizindikiro.

Potuluka funde linamunyamula n'kumumenyetsa pathanthwe. Lachiwiri linamukokera m'madzi. Lachitatu linamulavula, ndipo Thiaba anamugwira lamba. Bondo linali litang'ambika, magazi akusakanikirana ndi zachikasu zija.

"Mwaipeza, achimwene?"

Libasse analavula kaye, nalozera chigubu chomwe chinkavina pakati pa zikopa.

Ngalla anaomba m'manja. "Msanga chonchi, alamu? Mwaipeza bwanji?"

"Ndatsatira ziboda."

"Wamva, Thiaba? Ziboda! Chambiko chako akanachitsatira bwanji?"

Chomunyansa kwambiri Libasse chinali chakuti munthuyo sankanama kwenikweni. Anamasula botolo, naligoneka pamwala, n'kuchotsa kanthu kena m'khutu osakayang'ana.

"Chatsala n'chimodzi," anatero. "Kukamangirira chingwe chachitalichi pachigubu kuti anthu akoke. Sizifuna botolo. Zifuna msodzi wodziwa kusambira, amenenso nyanja ikumukonda lero."

"Koma inu mwanyowa kale, alamu."

"Ndili ndi bala. M'msuzi wanuwo sindibwereramo."

Ngalla anasuzumira pansi. Funde linafika, n'kusiya chifu pamwala pafupi ndi sandasi zake. Anatembenukira mkazi wake.

Thiaba anamuika chingwe m'manja. "Walira mvula walira matope, bambo a Arame. Koma muvule kaye mkanjowo. Ine sindiuchapa."

Ngalla anavula, naupinda bwinobwino, n'kuupanikiza ndi mwala. Anaima m'mphepete ndi kabudula yekha, akudikira mafunde aakulu adutse. Kenako anatseka pakamwa, koyamba tsiku limenelo, n'kudumpha.