Chilombo Chotupa Diso

Chilombo cha gule si munthu. Zimenezi ndinaphunzitsidwa ndili kamtsikana kuno kukomboni ya mgodi, ndipo sinditsutsa. Chilombo ndi mzimu, chimachokera kumanda. Kungoti ine Jestina ndakhala ndikuchapa masokosi a mzimu wina chikwatiwireni ndi a Pensulo, ndipo gule akavinidwa Loweruka, Lamulungu ndine ndimathowa msana wa mzimuwo ndisanapite kutchalitchi. Koma pakamwa panga simudzamva kanthu.

Mwana wathu Nokutenda anapeza mnyamata ku Bindura, dzina lake Desmond, wokonza mafoni. Naye ndi mdzukulu wa Amalawi, koma Chichewa amangomva, akati ayankhe chimatuluka chosakanikirana ndi Chishona. Ndi wa mpingo uja wopemphera mokuwa, woyenda ndi kabotolo ka mafuta odzozera m'thumba. A Pensulo atangomva anakanitsitsa. "Mwana wanga sindingampereke kwa munthu wotcha makolo ake ziwanda." Nokutenda analira mpaka maso kufiira, ine mtima kumandipweteka. Ndinachonderera mpaka analola kuti mnyamatayo abwere Lamulungu, angomuona kaye.

Desmond ndi phuma lake anabwera Loweruka, kuti agone kwa amalume ake. Tsoka ilo, tsikulo kunali gule wokumbukira maliro. Nokutenda anakamuchingamira potsikira kombi, minibasi zathu zakuno. Akubwera atagwirana manja ngati azungu, chilombo china chotsimphina mwendo wamanzere chinawaona. Chinasiya bwalo ng'oma zili mkati, n'kuwalunjika ndi chikwapu.

Anthu anabalalika. Bambo wina wandevu zake anataya njinga, mwana ali pakaliyala. Nokutenda anapunthwa n'kugwa. Desmond sanathawe. Anaima patsogolo pake n'kukuwa, "Buda! Tuluka! Moto!" Chilombo sichinabwerere, moto sunatsike. Ndiye anagenda kabotolo kaja, ndipo kanafikira padiso penipeni. Chilombo chinazungulira ngati choledzera, chinakhosomola chifuwa chimene ine ndimachidziwa bwino, n'kulowera kuseri kwa mulu wa miyala ya mumgodi.

Madzulo a Pensulo anafika diso litatupa ngati chitumbuwa, thupi lonse likununkhira.

"Chitseko cha kombi," anatero ndisanafunse.

"Makombi a masiku ano ayamba kudzola mafuta," ndinatero, ndikuteleka madzi.

Lamulungu masana Desmond anafika ndi amalume ake. Anakhala pansi, anaomba m'manja mwaulemu, ndinayamba kuona ngati zitheka. Ndiye mwana wa eni ake anaganiza zowasangalatsa apongozi ndi umboni.

"Baba, nezuro, dzulo lomweli, ndinamenyana ndi dhimoni. Linali lokalamba, mwendo likukoka chonchi." Anaimirira n'kuonetsa kakokedwe kake. "Asi Mwari, Mulungu wanga, anandipatsa simba, mphamvu zenizeni."

Amalume ake anayamba kuyang'anitsitsa malata a denga. Nokutenda anazyolika. A Pensulo anafufuma ngati finye, koma akanati chiyani? Kunena kuti "unagenda ine" ndiye kuulula chinsinsi, ndipo anzawo ovina nawo sakanawakhululukira.

"Ko diso, baba, mwatani? Ndikupempherereni?" Desmond anapisa m'thumba, n'kutulutsa kabotolo kena.

Pamenepo ndinathawira kukhitchini. Ndinaseka mpaka misozi, nditaluma chitenje kuti asandimve. Kenako kuseka kunatha, mantha anandigwira. Ndinadziwa kuti ukwati wa mwana wanga wathera pomwepo.

Ndinabwerera m'nyumba. A Pensulo anali atamulozera Desmond kuti akhale pansi.

"Iwe, chilombocho unkachiopa?"

"Kwambiri, baba. Ndinatsala pang'ono kunyowetsa thalauza."

"Nanga osathawa bwanji? Anzako onse anathawa."

Desmond anawayang'ana ngati amufunsa zachibwana. "Noku anali pansi, baba."

A Pensulo anamuyang'ana ndi diso limodzi lotsalalo.

"Zilombo ndaziona kuyambira ndili mwana," anatero. "Wosavinidwa woima osathawa sindinamuonepo. Koma wachilakwira. Ubweretse tambala, ndikachipepese ine. Ndipo mawu oti dhimoni ndisadzawamvenso pakhomo pano, amenewo ndi agogo ako." Anatembenukira kwa amalume aja. "Zinazo mutumize anthu, tikambirane."

Nokutenda anagwada n'kuomba m'manja, misozi ili chuchuchu. Desmond sanamvetse chimene chachitika, ndipo mpaka lero palibe wamuuza.

Tambala anabwera mawa lake, wofiira, wonenepa bwino. Ndinamuphika ine, ndipo mzimu unadyera patebulo langa. Unamaliza ntchafu zonse ndi nthutumba, ine kundisiyira khosi ndi mapazi. Atasamba m'manja a Pensulo anakhosomola nthawi yaitali, chifuwa chija cha fumbi la mumgodi chimene adokotala anati sichidzatha. Anapukuta pakamwa.

"Amake Noku, tsiku limene ndidzapite kumanda osabwerako madzulo, mwanayu ali naye womuimira kutsogolo."

Ndinawakalipira kuti asiye kuyankhula zopusa pa chakudya, n'kutuluka ndi mbale. Ndinakalirira panja.